Ndalama, Nthawi ndi Mayina: Mmene Mitundu ya Data ya mu Code Imalowera mu Column ya Database

Wolemba mapulogalamu amene amasamala ntchito yake sakhutira ndi nambala wamba kapena mawu wamba. Amadzipangira mitundu yakeyake ya data, monga Ndalama, NambalaYaFoni kapena MkhalidweWaOda, ndipo compiler imamuletsa kuwonkhetsa ndalama ndi chiwerengero cha matumba a simenti. Database sidziwa chilichonse cha mitundu imeneyi. PostgreSQL, imodzi mwa ma database otchuka, imadziwa bigint, numeric, text, boolean, timestamptz, uuid, jsonb ndi ina ya mtundu wotere. Choncho pa mtundu uliwonse umene mwadzipangira, pamafunika kusankha column yoti usungidwemo, ndiponso kulemba malamulo awiri: lina la polowa, lina la potuluka.

Chisankhochi n'cholemera kusiyana ndi mmene chimaonekera tsiku loyamba, chifukwa data imakhalitsa kuposa code. Pulogalamu imalembedwanso, gulu limasiya chilankhulo cha PHP n'kuyamba cha Go, koma mizere imene inalowa m'tebulo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo imakhala ili pomwepo, ndipo imawerengedwanso ndi anthu opanga malipoti amene code yanu sanaionepo. Apa tiona za Go ndi PostgreSQL, koma mavuto ake ndi omwewo ku Java ndi ku Python.

Makomo awiri

Mu Go, maphukusi a database/sql ndi database/sql/driver ali ndi ma interface awiri a ntchitoyi. Wina ndi driver.Valuer, amene ali ndi method yotchedwa Value, ndipo imaitanidwa pamene chinthu chikupita ku database. Wina ndi sql.Scanner, amene ali ndi Scan, yoitanidwa pamene mzere ukubwerera. Value siloledwa kubweza chilichonse chimene yafuna. Iyenera kubweza nil kapena umodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi iyi: int64, float64, bool, []byte, string ndi time.Time. Scan nayo imalandira yomweyo. Mtundu wanu ngakhale ukhale wokongola chotani, pakhomo uyenera kuvula n'kulowa ngati umodzi wa imeneyi.

Zilankhulo zina zili ndi makomo omwewa, mayina okha ndiwo osiyana. Ku Java, JPA 2.1 ya mu 2013 inabweretsa AttributeConverter, yokhala ndi convertToDatabaseColumn ndi convertToEntityAttribute. Ku Python, SQLAlchemy ili ndi TypeDecorator, mmene mumalemba process_bind_param ndi process_result_value. Django, nayonso ya ku Python, ili ndi get_prep_value ndi from_db_value.

Mtundu wa ndalama mu Go ungalembedwe chonchi:

```go
type Ndalama int64 // matambala

func (n Ndalama) Value() (driver.Value, error) {
    return int64(n), nil
}

func (n *Ndalama) Scan(src any) error {
    switch v := src.(type) {
    case int64:
        *n = Ndalama(v)
        return nil
    case []byte:
        return n.werenga(string(v))
    case string:
        return n.werenga(v)
    case nil:
        return errors.New("ndalama: kwabwera NULL")
    }
    return fmt.Errorf("ndalama: mtundu wachilendo %T", src)
}
```

Yang'anitsitsani kanyenyezi kali pa Scan, kamene pa Value palibe. Scan imasintha chinthu chimene yaitanidwira, ndiye imafunika pointer, adiresi ya chinthucho, imene kanyenyeziko kakuimira. Popanda pointer ikanasintha kope chabe. Value ndi bwino ikhale yopanda pointer. Mukaiika pa pointer kenako n'kupereka chinthucho mwachindunji ku query, Go saiona Value yanuyo. Ngati mtunduwo ndi struct, mulandira error yoti mtunduwo sudziwika, ndipo pamenepo mwachita mwayi. Ngati pansi pake pali int kapena string, converter wa database/sql amangotenga nambalayo kapena mawuwo n'kutumiza, osadandaula konse, ndipo malamulo onse amene munalemba mu Value amadumphidwa.

Msampha wina uli pa []byte. Ma byte amene Scan imalandira ndi a driver, code yolumikiza pulogalamu ndi database, ndipo driver amawagwiritsanso ntchito pa mzere wotsatira. Mukawasunga osakopera, mzere woyamba umasintha wokha pamene wachiwiri wawerengedwa. Mu code ya pamwambayi, string(v) ndiyo ikukopera. Pa mtundu wosunga ma byte enieni, muyenera kukopera nokha musanatuluke mu Scan.

Ndalama

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ndiye tichedwepo. Ndalama zisalowe mu float64, kapena mu column ya real kapena double precision. Manambala amenewa amasungidwa mu binary motsatira IEEE 754, ndipo 0.1 alibe malo ake enieni mu binary. N'chifukwa chake 0.1 kuphatikiza 0.2 amatuluka 0.30000000000000004. Pa risiti limodzi zimenezi sizioneka. Zimaoneka kumapeto kwa mwezi, pamene mizere zikwizikwi yawonkhetsedwa ndipo mabuku akusiyana ndi tambala imodzi kapena awiri, akauntanti n'kukana kusaina.

Njira zodalirika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusunga kagawo kakang'ono kwambiri ka ndalamayo ngati nambala yathunthu. Kwacha imodzi ndi matambala 100, ndiye K1,250.50 imalowa ngati 125050. Column yake ikhale bigint, isakhale integer. Integer ya PostgreSQL ndi ya ma byte anayi ndipo imathera pa 2,147,483,647. Mu matambala imeneyo ndi K21,474,836.47 basi, ndalama yoti malipiro a mwezi umodzi a kampani yaing'ono kapena mtengo wa galimoto imodzi ukhoza kuipitirira. Amene anatengera chitsanzo cholembedwa ndi munthu wowerengera madola sangaone vutoli msanga, chifukwa madola 21 miliyoni ndi ambiri. Bigint ndi ya ma byte asanu ndi atatu, imafika manambala 19, ndipo pamenepo nkhawa yatha.

Yachiwiri ndi numeric, mwachitsanzo numeric(14,2): manambala 14 onse pamodzi, awiri mwa iwo kuseri kwa kadontho. Ubwino wake ndi woti aliyense wotsegula tebulo amaona 1250.50 n'kumva nthawi yomweyo, osafunsa ngati ndi makwacha kapena matambala. Koma dziwani kuti mukatumiza 10.005 ku column yotere, PostgreSQL sikana. Imazungulitsa yokha n'kusunga 10.01. Ngati code yanu imazungulitsa mwa njira ina, monga yopita ku nambala ya even imene ena owerengera ndalama amakonda, pulogalamu ndi database zidzasiyana pa chiwongoladzanja chomwecho. Lamulo la kuzungulitsa likhale pamalo amodzi, mu mtundu wa Ndalama, ndipo nambala ifike ku database itamalizidwa kale. Kugawa nakonso kuli ndi lamulo lake: K100.00 yogawidwa patatu ndi matambala 3333, 3333 ndi 3334. Tambala yotsalayo iyenera kupita kwa wina, isasowe.

Mtundu wa money umene PostgreSQL ili nawo ndi bwino kuupewa. Umadalira lc_monetary ya seva, moti data yomweyo ikapita pa seva ya makonzedwe ena imatha kuwerengedwa mosiyana.

Tibwerere ku Scan ija. Mwina mukudabwa kuti column ndi bigint, nanga case ya []byte ndi ya string zikudzatani? Zikudikira SUM. Mu PostgreSQL, SUM ya column ya bigint imabweza numeric, kuti chiwonkhetso chisasefukire. Driver wa lib/pq amapereka numeric ngati ma byte a mawu, ndiye Scan imene imangoyembekezera int64 imagwira ntchito bwinobwino pa mzere umodziumodzi, n'kudzagwa tsiku loyamba limene munthu wapempha lipoti la zogulitsa za mwezi. Komanso SUM ya mizere yomwe kulibe imabweza NULL, osati 0. Query yake ilembedwe ndi COALESCE(SUM(ndalama), 0), ndipo mukafuna onjezani ::bigint kumapeto.

Ngati pulogalamu ikugwira ndalama za mayiko angapo, nambala yokha sikwanira. 5000 ya chiyani? Pamafunika column yachiwiri ya zilembo zitatu za ISO 4217, monga MWK, ZMW kapena ZAR. Musaganizenso kuti ndalama zonse zimagawika pa 100: yen ya ku Japan ilibe kagawo, dinar ya ku Kuwait imagawika pa 1,000. Scanner ya Go imaona column imodzi yokha pa nthawi, ndiye struct ya zigawo ziwiri mumaimanga nokha mutawerenga ma column onse awiri. Ku JPA ntchitoyi ndi ya @Embeddable, ku SQLAlchemy ndi ya composite. Kuphatika ziwirizi mu text imodzi, kuti "MWK 5000", kumapepuka polemba koma kumapha SUM, kumapha kusanja, ndipo index sithandizanso pa kufufuza ndalama zoposa zakutizakuti.

Mndandanda wa mikhalidwe

Oda ikhoza kukhala yodikira, yolipidwa kapena yothetsedwa. Mu Go ambiri amalemba zimenezi ndi iota, imene imapereka 0, 1 ndi 2 motsatira ndondomeko ya mizere ya mu code. Manambala amenewa akalowa mu database, ndondomeko ya mizere ija yasanduka pangano lomwe palibe analilemba. Patapita chaka wina akuwonjezera "yovomerezedwa" pakati pa yodikira ndi yolipidwa, poti m'pamene ikuoneka kuti ikukhala bwino. Code ikudutsa pa compiler, mayeso akudutsa. Koma oda iliyonse yakale imene inasungidwa ndi 1 tsopano ikuwerengedwa ngati yovomerezedwa chabe, yosalipidwa, ndipo zothetsedwa zonse zasanduka zolipidwa. Palibe error imene ingakuchenjezeni. Ku Java nkhani ndi yomweyi: enum ya JPA imasungidwa mwa ORDINAL, ndiko kuti ngati nambala ya malo ake pa mndandanda, pokhapokha mutalemba nokha EnumType.STRING.

Sungani mawu. Value ibweze 'yolipidwa', Scan isandutse mawuwo kukhala nambala ya mu code. Kumbali ya database pali njira zitatu. Mukhoza kugwiritsa text yokhala ndi CHECK yotchula mawu ololedwa. Mukhoza kupanga mtundu ndi CREATE TYPE ... AS ENUM, umene umatenga ma byte anayi pa mzere ndipo umasanja motsatira ndondomeko imene munatchulira mawuwo. Kapena mukhoza kupanga tebulo laling'ono la mikhalidwe n'kuliloza ndi foreign key. Enum ya PostgreSQL ili ndi khalidwe loti mudziwiretu: kuwonjezera mawu n'kosavuta ndi ALTER TYPE ... ADD VALUE, koma kuchotsa kulibe, pokhapokha mutapanga mtundu watsopano n'kusamutsira column yonse. Isanafike PostgreSQL 12, lamulo lowonjezeralo silinkaloledwa mkati mwa transaction, gulu la malamulo ochitika onse pamodzi kapena kulephera onse pamodzi. Kuchokera pa 12 limaloledwa, koma mawu atsopanowo sagwira ntchito mpaka transaction itatsekedwa. Pa mndandanda umene umasinthasintha, text ndi CHECK ndiyo imavutitsa pang'ono.

Pali funso limene limaiwalika: Scan ichite chiyani ikakumana ndi mawu amene sikuwadziwa? Zimenezi zimachitika pa nthawi yokhazikitsa code yatsopano, pamene ma seva ena ayamba kulemba 'yobwezedwa' koma ena akadali pa code yakale. Isangosandutsa mawu achilendowo kukhala 0, chifukwa 0 ndi yodikira, ndipo oda yobwezedwa ikhoza kutumizidwanso kwa kasitomala. Ibweze error. Ndondomeko yabwino ndi kuyamba ndi database kuti ilole mawu atsopano, kenako code yodziwa kuwawerenga ifike pa ma seva onse, ndipo pomaliza penipeni muyatse code yowalemba.

Nthawi

Dzina lakuti timestamp with time zone limanamiza. Column ya timestamptz sisunga zone. Imasandutsa nthawi imene yalandira kukhala UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, n'kuisunga mu ma byte asanu ndi atatu, ndipo potuluka imaionetsa motsatira zone ya session. Imeneyi ndiyo yoyenera pa chinthu chimene chinachitika pa kamphindi kodziwika, monga kulipira. Timestamp yopanda zone imangosunga zimene wotchi ya pakhoma inkaonetsa, osanena kuti khomalo linali kuti. Ma seva awiri, ina ili pa UTC ina pa nthawi ya kuno, akamalemba mu column yotere, mizere imasiyana ndi maola awiri ndipo simungadziwenso kuti uti unalembedwa ndi iti.

Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, ndipo dzina la zone yake ndi Africa/Blantyre. Ndalama yolipidwa ku Lilongwe pa 1 March 2025 nthawi ya 01:30 usiku, mu UTC ndi 28 February, 23:30. Lipoti lowonkhetsa pa mwezi likapanda kunena AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre', pa session ya UTC ndalamayo igwera mu February.

Tsiku lobadwa si kamphindi, ndi tsiku chabe, ndipo column yake ndi date. Go alibe mtundu wa tsiku lokha mu phukusi la time, ndiye driver amapereka time.Time ya pakati pa usiku. Nthawi imeneyo ikasandutsidwa kupita ku zone ya kumadzulo kwa UTC, monga ya New York, munthu wobadwa pa 10 amaoneka kuti anabadwa pa 9. Mankhwala ake ndi mtundu wanuwanu wa Tsiku, wosunga chaka, mwezi ndi deti basi. Kanthu kena kakang'ono: time.Time ya Go imafika pa nanosecond, PostgreSQL imathera pa microsecond. Nthawi imene mwasunga sibwerera ndendende, ndipo mayeso ofananitsa ziwirizi amalephera. Dulani ndi Truncate(time.Microsecond) musanasunge, ndipo fananitsani ndi Equal, osati ==.

Zooneka ngati nambala, ndi mawu ooneka ngati ofanana

Nambala ya foni si nambala yowerengera. Palibe amene amawonkhetsa mafoni awiri. Ikalowa mu column ya nambala, 0 woyamba wa 088 kapena 099 amasowa, chizindikiro cha + sichilowa, ndipo nambala yathunthu yoyamba ndi 265 ili ndi manambala 12, oposa malire a integer. Column yake ndi text. Mtundu wa NambalaYaFoni uchotse mipata ndi timizere, usandutse zonse kukhala kalembedwe kamodzi ka E.164, koyamba ndi + ndipo kosapitirira manambala 15. Mukapanda kutero, munthu mmodzi amalowa katatu m'tebulo ndipo UNIQUE saona cholakwika. PostgreSQL imalola kupanga CREATE DOMAIN, ndiko kuti text yokhala ndi CHECK yake yopatsidwa dzina, yoti matebulo onse aigwiritse ntchito. Zimenezi zimateteza ngakhale pa mizere yolowetsedwa kuchokera ku CSV, imene sidutsa mu code yanu.

Chilembo cha ŵ chili ndi nkhani yake. Mu Unicode chikhoza kulembedwa ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kadenga kapadera, U+0302. Pa sikirini "Malaŵi" amaoneka chimodzimodzi, koma ma byte ndi osiyana, ndipo WHERE dzina = ... sapeza mzere wolembedwa mwa njira inayo. Mtundu wa dzina usandutse mawu onse kukhala NFC, kalembedwe ka Unicode kamene ŵ amakhala chilembo chimodzi, mu Value. Latin-1 ilibe ŵ n'komwe, choncho database ndi connection zonse zikhale pa UTF-8. Ku MySQL samalani ndi dzina lakuti utf8, limene kwa zaka zambiri latanthauza utf8mb3 ya ma byte atatu. Ŵ amalowa, koma emoji salowa, ndipo yofunika ndi utf8mb4.

NULL ndi jsonb

Mu Go nambala yosapatsidwa kanthu ndi 0, mawu ndi "". Mu SQL kusowa kwa chinthu ndi NULL, ndipo "sanalipire kalikonse" ndi "sitinalembe zimene analipira" ndi nkhani ziwiri. Scan ya pamwamba ija imakana NULL dala. Pamene column ikuloledwa kukhala yopanda kanthu, gwiritsani pointer kapena sql.Null[T], imene inabwera ndi Go 1.22 mu 2024. Pamene sikuloledwa, lembani NOT NULL m'tebulo.

Struct yaikulu imakopa munthu kuti angoiponya mu jsonb, column yosunga JSON, imene PostgreSQL yakhala nayo kuyambira pa 9.4 mu 2014. Pa zinthu zowerengedwa pamodzi nthawi zonse, monga makonda a munthu pa pulogalamu, n'zabwino. Koma jsonb sisunga ndondomeko ya ma key, imachotsa mipata, ndipo key ikabwerezedwa imasunga yomaliza yokha. Chikalata chimene chinasainidwa ndi hash chikalowa mu jsonb sichidzagwirizananso ndi saini yake. Chimenecho chisungeni mu text kapena bytea. Komanso encoding/json ya Go ikamawerengera mu mtundu wa any imasandutsa nambala iliyonse kukhala float64, imene imasunga manambala athunthu molondola mpaka 9,007,199,254,740,992 basi. ID yaikulu kuposa pamenepo imasintha manambala akumapeto mwakachetechete. N'chifukwa chomwechi driver wa JavaScript wotchedwa node-postgres amabweza bigint ngati string. Ndipo mukasintha dzina la field mu struct, mizere yakale ya jsonb imakhalabe ndi dzina lakale, popanda ALTER TABLE yokukumbutsani.

Kuyesa ndi kusintha

Mayeso a mtundu uliwonse ndi a ulendo wopita ndi wobwerera: sungani, werengani, fananitsani. Yesani 0, nambala ya negative, yaikulu kwambiri, NULL, mawu opanda kanthu, ŵ wolembedwa njira zonse ziwiri, ndi SUM ya tebulo lopanda mizere. Yeserani pa PostgreSQL yeniyeni, ngakhale ya mu Docker. SQLite ndi yofulumira pa mayeso koma ndi yolekerera: imalola mawu kulowa mu column ya INTEGER, pokhapokha tebulo litalembedwa STRICT, zimene zinayamba ndi 3.37 mu 2021. Mayeso odutsa pamenepo sanena zambiri za seva yanu.

Ngati munasankha kale integer ndipo malire ayandikira, ALTER COLUMN ... TYPE bigint imalembanso tebulo lonse ndi ma index ake, itatseka tebulolo ndi loko ya ACCESS EXCLUSIVE. Nthawi yonseyo palibe wowerenga, palibe wolemba. Pa tebulo la mizere masauzande ochepa zimatha musanaphethire. Pa la mizere mamiliyoni ambiri, onjezani column yatsopano ya bigint, code kapena trigger izilemba mu zonse ziwiri, koperani mizere yakale m'magulu a 5,000 kapena 10,000 kuti transaction iliyonse ikhale yaifupi, ndipo werengani mizere imene ziwirizi zikusiyana mpaka itafika 0. Mukatero sinthani owerenga kuti aloze column yatsopano. Yakaleyo isiyeni masiku angapo musanaichotse, chifukwa lipoti la kumapeto kwa mwezi limene aliyense analiiwala likhoza kukhala likuiwerengabe.